Mabowo a M'khoma la Bambo

Lachitatu, pa 13 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira Loweruka, ndipo ndaiwerenga kanayi konse ngakhale inali ya mizere isanu ndi umodzi yokha. Ife kuno tili bwino, kupatula alamu anu amene bondo lija lawayambanso. Mvula ikungoopseza, sinagwe yeniyeni. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti amayi akumwa mankhwala awo popanda kukangana nanu.

Ndisanapite patali ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikudziwa kuti makalata anga mumawawerengera amayi mokweza. Iyi muyambe mwaiwerenga nokha kuchipinda, chitseko chili chotseka. Amayi muwawerengere ndime yoyambayo ndi moni wa kumapeto basi.

Mwandifunsa ngati ndi zoona kuti ndinaimirira pamsonkhano wa komiti ya sukulu n'kunena kuti bambo anaiwala kanthu pomanga buloko yakale ija. Mwati amayi atamva anasiya kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Mufunseni mwanayo, anaiwala ndani?" Choyamba ine ndikufuna ndidziwe, anakuuzani ndani? Pamsonkhanopo tinalipo anthu khumi ndi anayi, ndipo amene ali ndi nambala yanu ya foni ndi awiri okha. Onsewo ndikuwayang'ana ndi diso limodzi. Koma funso lanu ndiyankha, mungondilola ndiyambire poyambira.

Paja mukudziwa kuti chiyambire kutisiya bambo, ine ndi amene ndimasunga makiyi ndi kukonza zowonongeka pasukulu pano, mpaka anthu anaiwala dzina langa, onse amangoti a Makiyi. Ana achuluka, achemwali. Kalasi imene munkakhala anthu makumi anayi, lero mumalowa makumi asanu ndi anayi, ena amalembera pamaondo. Ndiye m'mwezi wa Ogasiti bungwe limene likuthandiza kukulitsa sukulu linatitumizira mayi wojambula mapulani a nyumba. Ndi mtsikana, zaka mwina makumi atatu ndi zingapo, amavala jombo ndi chikwama chakumbuyo ngati wabwera kudzalembetsa kalasi yoyamba. Ana anamutcha Mayi Gogoda, chifukwa sadutsa khoma osaligogoda ndi kanyundo kake n'kutsamiza khutu ngati muli munthu m'katimo.

Tsiku loyamba anatiitana muofesi ya ahedi, natulutsa kasukulu ka makatoni. Akuti buloko ya bambo siigwetsedwa, ikhala ngati msana wa sukulu yatsopano. Denga alikweza pang'ono kuti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba. Madzi a padenga azilowa m'thanki, ndipo padengapo aikapo masola. M'kati akufuna makoma a matabwa oyenda pa timagudumu, kuti m'mawa zikhale zipinda zitatu, masana mukankhe matabwawo ikhale holo imodzi. Njerwa za kasitolo kakugwa kaja akuti tizitsuka n'kumangira mipando pansi pa mitengo, zitseko zakale zikhale matebulo a mulaibulale. Ahedi anaomba m'manja nati, "Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa!" Ine ndinati mumtima, kalumo kakuthwa kamachekanso khosi. Anthu a mapulani ndawaona ine. Lero akuyamikira, mawa m'mawa ukudzutsidwa ndi katapila yogwetsa nyumba.

Ndipo sanachedwe kundipatsa chifukwa chomukayikira. Makiyi a mabuloko enawo sanawafune. Tsiku ndi tsiku ana akaweruka ankapempha kiyi wa chipinda chakumapeto cha buloko ya bambo, chija chimene khoma lake lakumbuyo limasupuka penti. Amalowa yekha, n'kukhalamo ola lathunthu. Tsiku lachitatu ndinatenga tsache ngati ndikusesa, ndinasuzumira pawindo. Achemwali, munthu wamkulu, wa madigiri ake, wakhala pa kabenchi ka ana, wavula jombo ndi sokosi, waloza mapazi kukhoma! Akhalapo pang'ono, asuntha benchi, akhalanso. Ndinakafotokozera alamu anu, iwo anangoti, "Musiyeni mwana wa eni, mwina mapazi amamutentha." Alamu anu ngakhale wakuba atalowa m'nyumba, akhoza kumufunsa ngati wadya.

Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa buloko, pakhonde losalala la simenti lija, akuthira madzi a m'botolo pansi n'kumayang'ana kumene akulowera. Atandiona sanadzidzimuke n'komwe.

"A Makiyi, amene anamanga khoma ili anali mmisiri weniweni. Ndamva kuti ndi bambo anu."

"Ndi iwo," ndinatero.

"Nanga khondeli anathira ndani?"

"Ndi lakale."

"Ndi pulasitalayu?"

"Wakalenso."

Anangoti "chabwino", n'kulemba m'kabuku kake. Kabuku kameneko ndinadana nako kuyambira tsiku limenelo. Bambo ankakonda kunena kuti munthu akamayamikira kwambiri mbuzi yako, uyang'ane ngati chingwe chilipo. Ine ndinaona kuti mayiyu akusonkhanitsa milandu ya khomalo, kuti tsiku lina adzati pepani, tinafuna kulisunga koma lawola. Ndinayamba kumuchedwetsera makiyi. Ndinkanena kuti ndawaiwala kunyumba, iwo akulira m'thumba.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera injiniya wa bungwelo, bambo wamimba wosakonda kutaya nthawi. Anatenga tchizulo nasupula pulasitala pang'ono m'munsi mwa khoma lakumbuyo. Ndinali pomwepo. Njerwa inali yonyowa, yofewa, moti anaikanda ndi chikhadabo n'kuchoka unga wofiira. Fungo la chuku linadzaza chipinda. Injiniyayo anapukusa mutu nati madzi akukwera kuchokera pansi pa maziko, womanga sanawasiyire njira, ndipo iye sangaike denga latsopano pamwamba pa ana pa khoma lotere. Buloko yonse igwe.

Ndinamuyang'ana Mayi Gogoda kuti ndione akumwetulira, paja ndi zimene ndinkaganiza kuti akufuna. Koma iye ndi amene anakana. Anati njerwazo zinamangidwa ndi laimu, osati simenti, ndipo khoma la laimu limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso likapeza mpweya. Ukalipaka simenti kunja ndi m'kati zili ngati kumuveka munthu pepala la pulasitiki m'nyengo yotentha. Anati mmisiri woyala njerwa mwaukhondo chotere sakanalephera kusiya mabowo a mpweya m'munsi ndi ngalande kuseri. Injiniya anati, "Ndisonyezeni bowo limodzi." Panalibe choti amusonyeze, khoma lonse linali see, losalala ngati mbale.

Ndiye mayiyo anaitanitsa msonkhano uja. Unachitikira m'chipinda chomwecho, akuluakulu a komiti atapanikizana m'madesiki a ana. Mayi Gogoda anaimirira nandifunsa pamaso pa onse, mwaulemu ndithu.

"A Makiyi, inu munkawathandiza bambo anu pomanga. Tithandizeni. Kodi anasiya mabowo m'khoma ili? Kodi kuseriku kunali ngalande?"

Ine ndinamva ngati wanditchera msampha, ndipo ndinaimirira ndi kunena mawu amene anafika kwa amayiwo. Ndinati, "Bambo anali munthu wakale, zambiri za masiku ano sankazidziwa. Zimenezo anaiwala."

Ndi zoona, achemwali. Ndinanena.

Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi osalemba kanthu m'kabuku kake. Komiti inagwirizana ndi injiniya, koma mayiyo anapempha kuti adikire milungu isanu ndi umodzi asanagwetse, ndipo anamulola. Ana a m'buloko imeneyo anawasamutsira m'matenti.

Tsopano nayi mbali imene ndati muwerenge chitseko chili chotseka. Cholembera ndachiika pansi kawiri, ndakamwa madzi, ndabwerera.

Mabowo analipo. Khumi ndi awiri, pamzere wachitatu wa njerwa kuchokera pansi, njerwa yachisanu ndi chiwiri iliyonse. Ngalande inalipo, ya miyala, yoyenda kuseri kwa buloko mpaka kukatulukira kumunsi kwa mtengo waukulu uja wa kumpanda. Miyala yake ndinatuta ndine pawilibala, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo akundikalipira kuti ndikusankha yozungulira m'malo mwa yaphanthiphanthi. Ankati khoma limapuma ngati munthu, ukalitseka mphuno limadwala. Ine ndinkaseka mumtima.

Patatha zaka zitatu bambo atamwalira, inu mutawatenga kale amayi, makoswe analowa pamabowo aja n'kudya mabuku a kalasi yonse. Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza kosi ya zomangamanga, setifiketi ili m'feremu, mutu uli waukulu. Ndinkaona khoma la bambo ngati chinthu chochititsa manyazi pafupi ndi mabuloko atsopano a simenti. Patchuthi chachitali ndinatseka mabowo onse khumi ndi awiri ndi zidutswa za njerwa ndi simenti. Ndinapaka pulasitala kunja ndi m'kati. Ngalande ndinaikwirira, pamwamba pake ndinathira khonde losalala lija. Sukulu itatsegulidwa anthu anandiyamikira kuti buloko yasanduka yamakono. Ndinakulemberani kalata nthawi imeneyo, yodzitama, kaya mukuikumbukira. Bambo sanandiyamikirepo chiyambire, ndiye mayamiko amenewo ndinawamwa ngati madzi.

Chaka chachinayi penti anayamba kutupa m'munsi. Ndinadziwa nthawi yomweyo, achemwali, sindine chitsiru. Koma ndikanauza ndani? Tchuthi chilichonse ndinkapala, n'kupaka penti wina ana asanabwere. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikupaka penti pa khoma limeneli. Aphunzitsi akale anasamuka, ena anamwalira, a komiti a lero ndi anthu obwera, ndipo ndinkaganiza kuti palibenso munthu pansi pano wodziwa za mabowo aja kupatula ine ndi amayi.

Ndicho chifukwa chake ndinakukayikiraninso inu. Ndikuvomera. Ndinkati mayi ameneyu mabowo akuwadziwira kuti? Ndinaganiza kuti mwina munasunga kalata yanga yodzitama ija, ndipo mwanjira ina inafika m'manja mwake. Ndinafika pofunsa ahedi ngati mayiyu ali ndi achibale kumene mukukhalako. Ahedi anandiyang'ana ngati ndadwala malungo.

Kalata yanu inafika Loweruka. "Anaiwala ndani?" Lamulungu lonse mawu amenewo ankandilira m'khutu. Alamu anu anandifunsa chimene chikundidya, ndinati m'mimba. Anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine sindikutsegulirani." Kaya ankadziwa chiyani, sindinawafunse, koma iwonso ndayamba kuwakayikira.

Lolemba m'mawa ndikufika pasukulu ndinapeza anthu a injiniya atazunguliza buloko ndi chingwe. Pakhoma lakumbuyo anali atalemba mtanda waukulu wa penti wofiira, penti akuyenderera. Anati katapila ibwera Lachisanu. Ndinaima pamenepo makiyi ali m'manja. Achemwali, ndinaona bambo ali pamakwerero, kapensulo kali kukhutu, akutsinzina diso limodzi kuyang'ana chingwe chawo. Khoma lawo likugwa chifukwa cha ine, ndipo likugwa ndi mbiri yoti iwo anali mmisiri woiwala. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinapita kosungira zida, ndinatenga tchizulo ndi hamala ya bambo ija ya chigwiriro chokulunga waya. Ndinadutsa pansi pa chingwe. Mayi Gogoda anali m'chipinda muja, akujambula khomalo pa foni yake ngati munthu wotsanzikana nalo. Sindinamupatse moni. Ndinagwada pakona, ndinayeza ndi chikhatho, mzere wachitatu, njerwa yachisanu ndi chiwiri, ndinayamba kumenya. Simenti yanga inali yolimba, nditamandeko pamenepo. Nditamaliza m'kati ndinazungulira kunja, ndinamenyanso, mpaka tchizulo inangoti phwii kulowa yonse. Nditabwerera m'chipinda ndinamupeza atakoka kabenchi, atavula jombo, phazi lili pabowopo.

"Ndi pano," anatero. "Ndinkalakwitsa ndi njerwa ziwiri zokha."

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Akuti anaphunzira pasukulu pano chaka chimodzi, kalasi yachiwiri, bambo ake asanasamutsidwe kuntchito. Ankakhala desiki yakukhoma. M'miyezi yotentha ana ankalimbirana malo amenewo chifukwa pabowopo pankalowa kamphepo kozizira kumapazi. Akuti m'masukulu onse amene anaphunzira pambuyo pake, ngakhale okhala ndi mafani, sanapezenso chipinda chozizira chotere, ndipo chinali chimene chinamuchititsa kufuna kudziwa kamangidwe ka nyumba. Atamva kuti bungwe likufuna munthu wobwera kuno anapempha yekha.

Ine ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo. Ndinati, "Ndiye tsiku la msonkhano lija munkadziwa kuti ndikunama?"

"Ndinkadziwa."

"Bwanji simunandiyalutse?"

"Injiniya sangamvere mapazi a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Komanso khoma lofewa chonchi sungamangoliboola paliponse mongoyerekeza. Ndipo ngalande sindikanaipeza popanda inu. Ndikanakuchititsani manyazi pagulu, mukanandisonyeza?"

Ndinaganiza, ndinati ayi, sindikanamusonyeza.

"Ndiye ndinadikira," anatero, akuvala sokosi. "Koma mwandidikiritsa, a Makiyi. Panatsala masiku anayi."

Mukuona? Si chifundo chokha ayi, ndi kuchenjeranso. Ndinali ndi chifukwa chomukayikira, kungoti ndinkamukayikira mbali yolakwika.

Tsiku lonselo tinagwira ntchito awiri, iye akutuluka thukuta ngati mmisiri wina aliyense. Mabowo onse khumi ndi awiri atseguka. Dzulo tinaswa khonde langa lokongola lija, ndipo miyala ya bambo tinaipeza ili m'malo mwake, yaphanthiphanthi, palibe umene unasuntha. Titatsegula kumunsi kwa mtengo kuja kunatuluka madzi akuda onunkha, anayenda theka la ola. Injiniya anabwera masana, anagwada ndi mimba yake, analowetsa dzanja m'bowo mpaka m'chigongono. Sananene kuti pepani, anthu amenewa sanena. Anangoimbira foni a katapila kuti asabwere.

Musasangalale msanga. Wati tisupule pulasitala yense pang'onopang'ono, tichirikize khoma ndi mitengo, tidikire mpaka mvula ithe. Njerwa zikauma n'kulimbanso, khoma likhala, asintha zowola zokha za m'munsi, ndipo denga latsopano ndi makoma oyenda aja zibwera pamwamba pa ntchito ya bambo. Zikapanda kuuma, ligwa ndithu. Sindikudziwa kuti zitha bwanji. M'mawa uno ndinakaika chikhatho pa njerwa, ikadali yozizira ndi yonyowa.

Za makoswe ndinamufunsa mayiyo. Anatulutsa m'chikwama kachidutswa ka waya wa sefa, n'kukaika pabowo. Basi. Kanthu kakang'ono ngati chikhatho, achemwali, ine n'kuthira matumba khumi a simenti! Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka.

Tsopano akuti ndiphunzitse amisiri ake achinyamata mmene bambo ankavundikira laimu m'dzenje ndi mmene ankasakanizira ndi mchenga, chifukwa iye anangowerenga m'mabuku. Ndavomera, koma ndikumuyang'anitsitsa. Munthu amene angadikire milungu isanu ndi umodzi akudziwa kuti ukunama, n'kumakupatsabe moni m'mawa uliwonse, si munthu womugonera tulo. Ndipo amene anakuimbirani foni uja ndidzamudziwa ndithu.

Lachisanu, tsiku limene katapila ikanabwera, komiti ikumananso m'chipinda chomwecho. Ndapempha ahedi kuti andipatse mpata woyankhula poyamba. Zimene ndinanena nditaimirira ndikazibweza nditaimirira. Mwina makiyi andilanda, kaya. Alamu anu asita kale malaya oyera aja.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinaiwale za tepi yoyezera imene anapempha. Ana onse muwapatse moni, makamaka wamng'ono uja amene amati akufuna kudzamanga nyumba zosanja, mumuuze kuti adzabwere patchuthi adzaone miyala ya agogo ake. Alamu anu akuti moni wambiri.

Ndawerenganso zimene ndinalemba kumayambiriro, zoti amayi muwawerengere ndime yoyamba yokha. Ndikanafufuta, koma ndapaka penti zaka zambiri, zisiyeni zioneke. Muwawerengere yonse. Mukhale nawo pafupi, mbali ya khutu limene limamva lija, ndipo musadumphe mzere ngakhale umodzi pondimvera chisoni. Mukafika apa muwerenge pang'onopang'ono.

Amayi, moni. Mwafunsa kuti anaiwala ndani. Bambo sanaiwale kanthu. Mabowo alipo khumi ndi awiri, ndawawerenga ndi dzanja langa, ndipo mphepo ikulowa. Anatseka ndine.

Ine mlongo wanu,
Makiyi